Tsiku limene kompyuta yanga inaba nkhomo za amjomba

Ku Nkope kuli mtengo wina wa mango umene mpaka lero ndimaulambalala. Mtengowo sunandilakwire kanthu ayi, mango akenso ndi okoma, koma ndikangouona patali miyendo imasankha yokha njira yodzera kuseri kwa mzikiti. Pansi pakepo ndi pamene ine, munthu wa satifiketi ya makompyuta yoikidwa mu felemu, ndinatchedwa wakuba pamaso pa asodzi oposa khumi, dzuwa likuswa mtengo. Chowawa kwambiri n'chakuti umboni wake ndinachita kubwera nawo ndekha m'chikwama.

Ndiyambe poyambira. Nditamaliza kosi ya makompyuta ku Zomba ndinabwerera kwathu ku Mangochi mapewa ali m'mwamba. Ntchito ndinaipeza pa kashopu kena pafupi ndi msika, pomwe tinkapanga mafotokope, kutaipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi kuwaikira nyimbo m'mamemori. Koma munthu akandifunsa ntchito yanga ndinkayankha mosaphethira kuti ndine injiniya wa mapulogalamu (pulogalamu yokhayo imene ndinali nditalembapo mpaka kumapeto inali yophatikiza manambala awiri, nayonso theka lake ndinaonera kwa mnzanga).

Pa kashopu pomwepo ndi pamene ndinadziwana ndi Asiyatu, yemwe ankabwera kudzapangitsa mafotokope a manotsi ake a unamwino. Za chikondi sindikuuzani zambiri, si nkhani yanu. Chofunika n'chakuti titagwirizana za banja, anandiuza kuti akwathu asanapite kukafunsira ndiyenera kuonedwa kaye ndi amjomba ake, ndiye kuti amalume ake, Che Bakali a ku Nkope. Kwathu kuno mwana wamkazi mwini wake ndi amjomba. Bambo akhoza kukukonda, mayi akhoza kukuphera nkhuku, koma amjomba akapukusa mutu ndiye kuti yatha basi.

Che Bakali ndi mmisiri wosema bawo. Amatenga chipika cha mbawa n'kuchisandutsa chinthu choti ukachisisita umachita kumva chisoni kuikapo nkhomo. Ndi katswirinso wosewera, moti anthu amachoka ku Makanjira pa boti kudzangodyedwa ndi iwowo n'kubwerera okhutira. Asiyatu anandichenjeza kuti ine ndisanabwere kunali mnyamata wina wogulitsa matemba amene anamufunapo (zimenezi sikunali kofunika kundiuza, koma anandiuza). Mnyamatayo anali ndi njinga yamoto, ndevu zosamalika, ku mzikiti sankajomba. Tsiku lina akusewera ndi amjomba anagwidwa atabisa nkhomo imodzi pakati pa zala. Imodzi yokha. Che Bakali sanakalipe. Anangochotsa nkhomo pa bawo n'kunena kuti woba nkhomo adzaba ndi zina zomwe, nkhani ya ukwati n'kuthera pomwepo.

"Ndiye amjomba afunsa," anatero Asiyatu tsiku lina atakhala pa benchi ya pashopu. "Akuti munthu wongokhalira kompyuta amapanga chiyani choti wina n'kuchiona?"

Apa n'kuti ndikanangoyankha kuti ndimataipa makalata, ntchito yolemekezeka bwinobwino. Koma pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu.

"Ukawauze kuti ndiwapangira bawo ya m'kompyuta. Yoganiza yokha. Yoti iwadye iwowo."

Anandifunsa kuti, "Iwe, bawo umaidziwa?"

"Malamulo ndimawadziwa."

"Sindinafunse malamulo."

Zoona zake n'zakuti bawo imene ndinkaidziwa ndi ya ana ija, yoyamba ndi nkhomo ziwiriziwiri m'dzenje lililonse, ndipo ngakhale imeneyo ndinkadyedwa ndi aliyense wokhala ndi zala. Koma uthenga unali utapita kale ku Nkope, ndipo yankho linabwera lalifupi: abwere nayo Lachisanu la sabata yamawa, tikatuluka ku mzikiti.

Tsono pano mundipirire pang'ono, ndikulowetseni m'khitchini mwa ntchito yathu, chifukwa popanda zimenezi simumvetsa mmene ndinadziphera ndekha. M'chilankhulo cha Java chimene tinaphunzira, ukafuna kusunga manambala ambiri pansi pa dzina limodzi umapanga chinthu chotchedwa array. Ingoganizani mzere umodzi wa thireyi ya mazira, dzenje lililonse losunga nambala yake. Ukafuna thireyi yonse, ya mizere ingapo, uyenera kuiuziratu kompyuta pamene ukutchula dzina la chinthucho koyamba, ndipo umatero poika timabulaketi tiwiri m'malo mwa kamodzi. Bawo ili ndi mizere inayi, mzere uliwonse maenje asanu ndi atatu, choncho ndinalemba kuti:

int[][] bawo = new int[4][8];

Mzere umenewu unali wolondola, ndipo ndimaunyadira mpaka lero. Ndinaphunzitsanso pulogalamuyo kutola nkhomo, kuzigawa m'maenje ndi kudya za mdani, zonse n'kuyenda bwino. Vuto linabwera pa kuganiza kuja ndinalonjezaku. Nzeru yake inali yosavuta: ikafika nthawi yoti kompyuta isewere, iyambe yayesa dzenje lake lililonse pa bawo ina yapadera, yongoyeserapo, ione lomwe likudya zambiri, kenako isewere limenelo pa bawo yeniyeni. Kuti zitero, bawo yoyesera ija inayenera kuyamba ili chimodzimodzi ndi yeniyeniyo. Ine ndi masamu anga ndinati mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu ndi maenje 32, ndiye timabulaketi tiwiri n'ta chiyaninso? Ndinalemba kuti:

int[] yoyesera = new int[32];
yoyesera = bawo;

Pali kapulogalamu kena kotchedwa kompaila kamene kamayendera zonse zimene walemba zisanayambe kugwira ntchito. Kali ngati mlonda wa pageti amene salandira kangachepe, sadziwa m'bale, saseka. Kanandibwezera mawu ofiira akuti incompatible types, kutanthauza kuti zinthu ziwirizi si za mtundu umodzi, sungatenge ichi n'kuchiika m'dzina la icho. Ine ndinapsa mtima. Maenje 32 uku, maenje 32 uko, kusiyana kuli pati? Ndinadina batani kachiwiri, kachitatu, ngati kuti kompaila itopa n'kuvomera. Ndinazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Ndinaitukwana m'Chichewa, nditaona kuti sikumva ndinaitukwana m'Chiyao. Mayi wina amene ankadikira fotokope ya chiphaso chake ananyamuka mwakachetechete n'kupita ku shopu ina.

Pamapeto pake ndinameza malovu n'kuimbira Tadala, mtsikana amene tinali naye kalasi imodzi ku Zomba, yemwe uja ndinkaonera. Iyeyo ndiye injiniya weniweni, amagwira ntchito ku Blantyre.

"Ndi zoona ikukana," anatero ndisanamalize n'komwe kufotokoza. "Chinacho ndi mzere umodzi wa manambala, chinacho ndi mizere ya mizere. Kompaila siwerenga maenje, imaona mtundu. Zonse zikhale za timabulaketi tiwiri ndiye ivomera. Koma tamvera, ikavomera usaganize kuti..."

"Basi basi, ndazimva, zimenezo ndimazidziwa kale, ndimangokuyesa," ndinatero n'kudula foni.

Patapita mphindi zochepa anatumiza voisi, uthenga wa mawu uja, yaitali ndithu. Sindinaitsegule. Ndinati ndi nsanje chabe, akufuna adzanene kuti pulogalamu yonse anandilembera ndi iyeyo. Ndinafufuta mizere iwiri ija n'kulemba umodzi:

int[][] yoyesera = bawo;

Kompaila inangoti zii. Mawu ofiira onse balala. Abale, chimwemwe chimene ndinali nacho tsiku limenelo! Ndinkaganiza kuti mlonda akakutsegulira geti ndiye kuti nyumba imene ukulowayo ndi yolondola.

Ndinaiyesa, musaganize kuti sindinaiyese. Ndinasewera nayo kangapo konse. Ine ndikasewera kamodzi, iyo inkaganiza kamphindi, sikirini n'kuphethira, n'kupeza mzere wanga wakutsogolo uli mbee, masewera atha. Nthawi zina inkandilola kusewera kawiri. Munthu wodziwa bawo akanaimirira tsitsi pomwepo, chifukwa palibe amene angakumalize atangosewera kamodzi. Koma ine ndinali nditazolowera kudyedwa moyo wanga wonse, moti ndinangoti eeh, ndalenga chilombo. Chifukwa cha kukoma kwa zinthu ndinawonjezera timawu toti tizituluka pa sikirini kompyuta ikapambana, tongosekera ndekha pashopu, ndikuti ndidzatichotsa lisanafike Lachisanu. Tsoka silinunkha.

Lachisanu lija ndinavala kanzu yoyera yosita bwino, laputopu m'chikwama, n'kukwera minibasi ya ku Nkope. Titatuluka ku mzikiti ndinapeza kuti mbiri yanditsogolera. Pansi pa mtengo wa mango uja, pomwe Che Bakali amasemera, panali patadzaza. Asodzi anali atabwera ndi maukonde awo kuti azisoka akuonerera, ena atakhala pa zipika, ena pa bwato lakale logadabuzika. Asiyatu ndi azimayi anali pakhonde chapatali pang'ono, akusankha mpunga umene sindikukhulupirira kuti unkafunika kusankhidwa.

Che Bakali ndi munthu wamfupi, wowonda, wolankhula motsitsa ngati akusunga mawu a mawa. Anandilandira ndi manja awiri.

"A injiniya, mwafika? Chambone, zili bwino. Makina anu aja ndi amenewa?"

"Ndi amenewa, amjomba. Koma amasewera ya nkhomo ziwiriziwiri ija."

"Ya ana?" Anatembenukira anzawo, iwo n'kuseka pang'ono. "Palibe kanthu. Nawonso makinawa ndi mwanache, kamwana, ayambire pomwepo."

Kenako anachita chinthu chimene sindinachiganizire. Anakana kukhudza laputopu. Anatulutsa bawo yawo yamtengo, yakuda ndi manja a zaka zambiri, n'kuiika pambali pa laputopuyo.

"Ine ndisewera pa yangayi. Inu muziwauza makinawo zimene ndachita. Akayankha, mutole nkhomo zawo ndi dzanja lanu pa yangayi, tonse tione mmene ayendera."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinkaona ngati akudzikumbira okha dzenje.

Anasewera. Zala zawo zinkayenda mofewa, nkhomo zikugwa m'maenje tho, tho, tho, anadya pang'ono, yomaliza itagwera m'dzenje lopanda kanthu n'kugona. Ndinalowetsa mu laputopu, ndipo zimene zinatuluka pa sikirini zinafanana ndendende ndi za pa bawo yamtengo. Anthu anang'ung'udza mokhutira. Ine ndinakonza kolala ya kanzu, imene ilibenso kolala. Ndinadina batani kuti kompyuta isewere.

Sikirini inaphethira. Mzere wakutsogolo wa Che Bakali unali mbee, wopanda ngakhale nkhomo imodzi. Mbali ya kompyuta maenje anali otupa, lina 11, lina 9. Ndipo pakati pa sikirini panatuluka timawu tanga tija, m'zilembo zikuluzikulu zofiira.

Panali msodzi wina dzina lake Che Jafali, wamtali, wa mawu oti akaitana ali pakati pa nyanja kumtunda amamva. Iyeyu ndiye anali atasuzumira pa phewa langa, ndipo anawerenga mokweza kuti aliyense apindule:

"MWADYEDWA, MADALA! PITANI MUKAPHUNZIRE KWA ANA!"

Pamalopo panagwa bata loti ndinamva mbuzi ikutafuna kuseri kwa nyumba. Pakhonde paja mpunga unasiya kusankhidwa.

Che Bakali sanasinthe nkhope. "Chabwino, tamva. Tsono a injiniya, tationetsani pa yangayi mmene andidyera."

Pansi pa sikirini panalembedwa kuti kompyuta yasewera dzenje lachitatu. Ndinatola nkhomo za m'dzenje lachitatu pa bawo yamtengo n'kuyamba kugawa. Ndinadya nkhomo zinayi, ndinazungulira pang'ono, ndinagona. Basi. Mzere wa Che Bakali unali udakali wodzaza bwinobwino. Ndinayang'ana sikirini, ndinayang'ana bawo, zinali ngati mayiko awiri osiyana.

"Nanga zinazi zadzera njira iti?" anafunsa Che Jafali.

"Kompyuta imaona patali," ndinatero.

"Kuona ione, koma kutenga?"

Ndinati mwina ndalowetsa molakwika, tiyambirenso. Tinayambiranso. Che Bakali anasewera dzenje lina, ine ndinalowetsa mosamala ngati ndikulowetsa ulusi m'singano, ndinadina batani. Mbee kachiwiri. MWADYEDWA, MADALA kachiwiri. Ulendo uno Che Jafali sanafunikenso kuwerenga, anthu anali ataloweza, anachita kuimba onse pamodzi.

"Wallahi makinawa ndi akuba!" wina anakuwa.

"Makina saba okha, amachita kuphunzitsidwa!"

"Uja wa matemba ankaba imodziimodzi, uyu wabwera ndi khoka!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa bwato paja. Ine sindinaseke. Ndinayang'ana Che Bakali ndipo ndinaona dzanja lawo layamba kusonkhanitsa nkhomo, pang'onopang'ono, kuzichotsa pa bawo. Nkhani ya mnyamata wa matemba inandibwerera yonse. Ndinachita mantha enieni, chifukwa Asiyatu ndinkamukonda, ndipo ndinkaona akundipulumuka chifukwa cha chinthu chimene ine mwini sindinkachimvetsa.

"Amjomba, chonde, mphindi zisanu zokha. Pali kanthu kakang'ono kasokonekera."

Dzanja lija linaima. "Zisanu."

Apa ndi pamene ndinakumbukira voisi ya Tadala. Ndinatulutsa foni n'kuitsegula, kuiwala kuti foni yangayo imalankhula ngati ya ogulitsa mankhwala a makoswe mumsika. Mawu a mtsikana anamveka bwalo lonse:

"Iwe Chimutu, wandidulira foni bwanji? Tamvera, mbuli iwe. Kompaila ikavomera sindiye kuti wapanga bawo yachiwiri ayi. Mzere umenewo ungoipatsa bawo yomweyo dzina lina. Zili ngati iweyo, kwanu ali ndi dzina lomwe amakuitana, ife kusukulu tinkakuti Chimutu, koma tikamenya Chimutu wolira ndi munthu yemweyo. Ndiye kompyuta yakoyo chilichonse chimene iziyesa pa yoyesera chizichitika pa yeniyeni. Uyenera kukopa. Koma pokopapo usa..."

Ndinaithimitsa pomwepo chifukwa cha manyazi (inde, kachiwiri, pa mawu omwewo akuti koma, mukhoza kunditukwana, ndavomera). Pakhonde paja Asiyatu anali ataimirira, manja m'chiuno, akufuna kudziwa kuti mtsikana wonditchula Chimutu momasuka choteroyu ndi ndani. Pansi pa mtengo dzinalo linali litalandiridwa kale ndi manja awiri.

Koma tsopano ndinamvetsa chimene chinkachitika. Kompyuta ili ndi maenje 16 mbali yake. Inkayesa loyamba, n'kudya nkhomo zenizeni za Che Bakali. Inkayesa lachiwiri pamwamba pa zimenezo, n'kudyanso. Lachitatu, lachinayi, mpaka onse, kenako n'kusewera lomwe yasankha lija ngati munthu wosalakwa. Mdala ankasewera kamodzi, chilombo changa chinkasewera ka 17.

Kukopa ndinkakudziwa, kapena nditi ndinkaganiza kuti ndikukudziwa. Mu Java muli kalamulo kotchedwa clone kamene kamakupangira chinthu china chofanana ndi choyambacho. Ndinasintha mzere uja mofulumira kuti ukhale:

int[][] yoyesera = bawo.clone();

Kompaila inavomeranso osadandaula. Ndinadzuka n'kulengeza kuti, "Amjomba, ndakonza! Tsopano isewera mwachilungamo, ndikulumbira."

Mawu akuti ndikulumbira ndikanawasiya kunyumba. Che Bakali anabwezeretsa nkhomo ziwiriziwiri m'maenje onse, anasewera, ndinalowetsa, ndinadina. Mbee. Ndipo timawu tija ndinali ndisanatichotsebe.

Chimene Tadala ankafuna kundiuza, chimene ndinadzachimva pambuyo pake m'minibasi, n'chakuti array ya timabulaketi tiwiri si chinthu chimodzi ayi. Ndi kandandanda kolozera ku mizere inayi, mzere uliwonse uli pawokha. Clone ija imangokopa kandandandako, mizere n'kukhala yomweyo. Zili ngati kulemba mayina a mabwato anayi pa pepala latsopano: pepala ndi lachiwiri, koma ukaboola bwato lolembedwa pamenepo, lomira ndi lomwe lija. Kompaila zimenezi sizikuikhudza. Iyo imangoona kuti mitundu yafanana, zakuti ukuchita zanzeru kapena zopusa ndi zako.

Koma pa nthawiyo sindinkadziwa zimenezi. Ndinangokhala pansi pa chipika, kanzu itanyowa kumsana, mabodza atandithera. Che Bakali anakweza dzanja, phokoso n'kutha.

"A injiniya, tisiye za Chingerezi. Tandiuzeni m'Chichewa, makinawa akuchita chiyani?"

Ndinaulula zonse. Ndinati ndinkafuna kuti aziyesa kaye pa bawo ina asanasewere, koma bawo inayo palibe, ndi yomweyi ndaipatsa mayina awiri, moti akamayesa akusuntha nkhomo zenizeni. Ndinatinso sindinazindikire chifukwa bawo sindiidziwa, ndimadyedwa ndi aliyense, ndinkaona ngati kudyedwa msanga choncho ndi nzeru za makina. Mawu omalizawa anatuluka movuta kuposa onse.

Mdala uja anasisita ndevu.

"Ndiye kuti mwana wanuyu mwamuphunzitsa kuganiza ndi manja."

"Amjomba?"

"Wosewera bawo amaganiza m'mutu. Amayenda ulendo wonse m'mutu, dzenje ndi dzenje, nkhomo osazikhudza. Ukakhudza wasewera. Uyu wanuyu alibe mutu, ndiye akuganizira pa bawo ya eni ake." Anatembenuka. "Che Jafali, tanditengereni ija ndamaliza dzulo."

Anabwera ndi bawo yatsopano, yonunkhirabe mtengo, n'kuiika pambali pa yakale ija. Che Bakali anamwaza nkhomo pa yakaleyo mosasamala, pena zitatu, pena zisanu, pena palibe, n'kundipatsa chitini cha nkhomo zina.

"Mukafuna bawo yachiwiri, mumasema yachiwiri. Nayi. Tsono ifanane ndi iyi. Yambani mzere woyamba, dzenje loyamba. Muli zingati?"

"Zitatu."

"Ikani zitatu uko. Lachiwiri?"

Anandiyendetsa maenje onse 32, mzere ndi mzere, anthu akuwerenga nane mokweza ngati ana a sitandade wani. Ndili pakati pa mzere wachitatu ndinazindikira kuti chimene akundichititsachi ndi chimene aphunzitsi ku Zomba anatiphunzitsa tsiku lina ine ndikuwodzera: kupanga array yatsopano ya mizere inayi ndi maenje asanu ndi atatu, kenako kuzungulira mzere uliwonse, m'kati mwake kuzungulira dzenje lililonse, kukopa nambala imodziimodzi. Munthu amene sanagwirepo kompyuta chibadwire anali akundiphunzitsa ntchito yanga, pamaso pa mudzi wonse, ndi chitini cha nkhomo.

Nditamaliza anatola nkhomo za m'dzenje limodzi la bawo yatsopano n'kuzimwaza pansi.

"Yakaleyi yasintha?"

"Ayi, amjomba."

"Basi."

Tinadya mpunga ndi utaka. Za Asiyatu sanatchule, ine sindinayerekeze kufunsa, ndipo Asiyatu mwini wake anangondipatsira madzi osamba m'manja nkhope ili kumbali. Ndikupita kokakwera minibasi ndinamva mawu a Che Jafali kumbuyo, aja ofika kutsidya: "Muyende bwino, Che Chimutu! Nkhomo zathu taziwerenga, zakwana!"

Masiku atatu sindinamve kanthu. Pulogalamu ija ndinaikonza Loweruka m'mawa, mizere inayi yokha ya malamulo, mphindi khumi sizinakwane. Itayamba kusewera mwachilungamo inapezeka kuti ndi mbuli ngati mwini wake, moti ndinaidya ngakhale ine. Zimenezi sizinandisangalatse. Ndinkangokhala pashopu kuyang'ana kumsewu, mafotokope ndikutulutsa ozondoka.

Lachiwiri masana Asiyatu analowa, n'kukhala pa benchi paja osapereka moni.

"Tadala ndi ndani?"

Ndinafotokoza, ndinamuonetsa chithunzi cha Tadala ali ndi mwamuna wake ndi ana awiri, ndinamumvetsera voisi yonse mpaka kumapeto. Anagwedeza mutu.

"Mtsikanayu ali ndi nzeru. Uzimumvera mpaka amalize." Anakonza mpango wake. "Amjomba akuti akwanu abwere."

Ndinagwira tebulo. "Akuti chiyani?"

"Akuti abwere. Amayi anawafunsa kuti mukumulola bwanji munthu woti makina ake akuberani pamaso pa anthu, n'kukutukwananinso. Iwo akuti wakuba weniweni sangakwere minibasi kuchokera ku Boma kudzaonetsa mudzi wonse kuba kwake katatu konse. Akuti wakuba amabisa, koma uyu ngakhale kupusa kwake sadziwa kubisa. Akuti mwana wawo akhala pabwino, chifukwa munthu wotereyu tsiku limene adzayese kunama nyumba yonse idzadziwa."

Sindinadziwe ngati ndivine kapena ndikasumire munthu.

"Ndiye iweyo unawayankha chiyani?"

"Ndinati akunena zoona."

Tinakwatirana chaka chomwecho. Ndinkafuna kulowa m'banja limenelo ngati injiniya, munthu woopedwa, koma ndinalowa ngati munthu amene alibe nzeru zokwanira kuba. Mpaka lero kukakhala kugawana nyama ya Idi, kapena mkangano wakuti ndani anabwereka nkhafi ya ndani, amati itanani akamwini aja, amenewo sangatinamize. Amanena ndi ulemu wonse, amandipatsa ndi mpando womwe. Ine ndimapita, ndimakhala, ndimaweruza, koma sindinalimbebe mtima kufunsa ngati akutanthauza kuti sindingafune kapena kuti sindingathe.